Galimoto ya Malemu Yakana Kulira

Anthu a mumsewu umenewo ankawatcha a Mabuleki. Anayendetsa basi zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku, ndipo atapuma ntchito n'kusankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, dzinalo linawakhala bwino koposa, chifukwa mkangano ukathamanga, ouimitsa anali iwo.

M'mawa wa Lachiwiri limenelo ankathirira maluwa awo akung'ung'udza nyimbo ya m'mapemphero, pamene kuseri kwa mpanda kunamveka sitata ya galimoto. Kre-kre-kre-kre. Zii. Kre-kre-kre. Zii.

Anaika chitini pansi. Khutu la dalaivala silipuma ntchito.

"Batire ili moyo, sitata ili moyo," anadziyankhulira. "Koma moto palibe."

Kenako kunamveka mawu a munthu: "Wakuba iwe! Lero ubwerera komwe unachokera!"

Nyumba ya kuseri kwa mpandako inali ya mnzawo wapamtima, amene Ambuye anamuitana miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Mtima unamuimira ali pa chiwongolero cha galimoto yake ya dizilo. Galimotoyo inagwera m'ngalande, madzi onse n'kutayika, injini n'kupitiriza kulira mpaka kupsa. Inakhala pansi pa mtengo miyezi yonseyo, kufikira mwana wa malemuyo ataganiza zoiukitsa. Amene anamulozera makaniko anali a Mabuleki omwewo.

Makanikoyo ankadziwika ndi dzina loti Sipanala. Anakhalapo m'ndende zaka ziwiri chifukwa choba zipangizo za magalimoto a eni ake, ndipo anabatizidwira komweko. Atatuluka, a Mabuleki anaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kunena kuti, "Uyu ndamuyesa, ndi wathu. Akadzalakwa mudzafunse ine." Apolisi nawo anali atamuchenjeza kuti dandaulo limodzi lokha likadzafika, chitseko chomwe chija chidzamutsekera.

A Mabuleki anapukuta manja pa buluku, n'kupempha nzeru chamumtima, n'kutuluka pa geti.

* * *

Anapeza boneti ili yasa, ndipo mwana wa malemu atagwira Sipanala pa kolala ya ovolosi. Mwanayo ankagwira ntchito ya mu ofesi, ndipo popeza tayi sankaivula ngakhale Loweruka, anthu ankangomuti a Tayi.

"Tamusiya kaye, mwana wanga," anatero a Mabuleki. "Ovolosiyo sinalakwe."

"Bambo, mwabwera bwino. Munthu wanu uja ndi uyu. Ndaimbira kale apolisi, akuti galimoto yawo yapita kwina, afika twelofu koloko."

A Mabuleki anayang'ana wotchi. Inali itangopitirira naini.

"Tandiuza bwinobwino, kuyambira dzulo."

"Dzulo folo koloko ndinakaitenga ku galaja kwake. Ndinayendetsa ndekha, chitunda cha pa mlatho chija inakwera ngati yatsopano. Ndinaiimika pano, n'kukhoma. Lero m'mawa ndikutuluka m'nyumba, ndikupeza munthuyu ali chagada kunsi kwa galimoto yanga. Ndani anamuitana? Ndaliza, yalira pang'ono, yatsokomola, yatulutsa utsi woyera, yazima. Mpaka pano. Wachotsa pampu ya mafuta yabwino n'kuikamo yakufa. Ndi mmene ankabera kale, aliyense akudziwa."

Sipanala sanakweze maso.

"Nanga iwe, unadzatani kuno m'mamawa?"

"Akulu, injini ikangotsekedwa kumene, ndimaitsatira tsiku lachiwiri. Ndimaona ngati pansi padontha oyilo kapena madzi. Geti ananditsegulira ndi alamu, akazi awo a bwanawa. Makiyi sindinawagwire. Boneti yatsegulidwa iwo atabwera."

"Wakuba amasowa makiyi?" anatero a Tayi.

A Mabuleki anavala magalasi n'kuwerama pa injini. Pa bawuti iliyonse panali kadontho ka penti wachikasu, kolumikiza mutu wa bawutiyo ndi chitsulo chapansi pake. Chimenechi chinali chizolowezi cha Sipanala chitulukireni m'ndende: chilichonse chimene wamanga ankachidinda, kuti wina akadzamasula zidzaoneke. Anatsatira madonthowo ndi chala kuzungulira pampu yonse. Panalibe ngakhale limodzi losweka.

"Penti uyu ndi wouma, wa dzana," anatero. "Ndipo kusintha pampu imeneyi ndi ntchito ya theka la tsiku, osati ya munthu wogona kunsi. Pampu ndi yomweyo."

"Ndiye bwanji sikulira?"

"Tiifunse yokha. Galimoto sinama ngati ife. Tsegula kiyi, usalize."

Kanyali ka mapulagi otenthetsa kanayaka n'kuzima pa nthawi yake. Pa pampu panamveka kuti tha, kusonyeza kuti magetsi otsegula njira ya mafuta akufika. A Mabuleki anatsegula bokosi la mpweya, poganiza kuti mwina munatsalira sanza, koma munali mbee.

"Moto ulipo, mpweya ulipo. Kwatsala chakumwa chake. Masula paipi imodzi ya pa injekita."

Sipanala anamasula nati. Sitata itazungulira, pa paipipo panatuluka timadontho. A Mabuleki anatilandira pa chikhatho, n'kutifikisa ndi chala. Dizilo amaterera, koma izi sizinkaterera.

"Ndipatseni botolo loyera."

Anamasula kampopi ka kunsi kwa fyuluta ya mafuta n'kutchera botolo. Litadzaza analikweza kudzuwa, onse atatu n'kuliyang'ana. Pamwamba panayandama kamzere ka dizilo kochepa ngati chala. Kunsi konseko anali madzi.

"Ehe!" anafuula a Tayi. "Ndinakupatsa chigubu cha dizilo, iwe n'kugulitsa, n'kuthiramo madzi! Bambo, umboni mwaupeza nokha!"

Sipanala anakhala pansi pa dothi. A Mabuleki anazindikira kuti pofuna kumuchotsa m'dzenje, amukumbira lina lakuya.

* * *

Anazungulira galimotoyo pang'onopang'ono, manja kumbuyo.

"M'thanki munali mafuta ochuluka bwanji?"

"Malita asanu okha, akulu," anayankha Sipanala. "Thanki ndinaitsitsa n'kuitsuka, chifukwa inakhalitsa. Ndinathiramo chigubu chawocho basi, n'kuwauza kuti lero akayambire pothira mafuta."

"Tamvera, mwana wanga," anatero a Mabuleki kwa a Tayi. "Madzi ndi dizilo sagwirizana. Madzi amathawira pansi, ndipo paipi imayamwa kuchokera pansi pomwepo. Akanakhala kuti anathiridwa ku galaja, chitunda cha pa mlatho sukanachikwera. Madziwa alowera pano, pabwalo pako."

"Ndiye wathira lero m'mawa, kuti ndibwererenso kwa iye. Ndi machenjerero awo amenewo."

"Chotsekera thanki chili ndi loko."

"Munthu wokhala kundende zaka ziwiri angalephere loko?"

A Mabuleki anayang'anitsitsa lokoyo. Panalibe pokandika. Koma pansi pa chotsekeracho panali mzere wa madzi amene anayenderera pa fumbi n'kuuma. Anawerama n'kununkhiza. Kuseri kwa fungo la dizilo kunali kafungo kena, kozuna ngati ka maluwa. Ataweramuka anaonanso china. Pa chitseko cha dalaivala, pa fumbi la dzulo, wina anajambula kamtanda ndi chala chonyowa. Anapita ku chitseko china, kanaliponso. Zitseko zonse zinayi.

Anangopempha madzi akumwa, n'kulowera kukhitchini.

Mkazi wa a Tayi ankatsuka mbale, koma maso ali pa zenera. Anali munthu wa pakamwa pothamanga, wokonza anthu tsitsi.

"Bambo, musandiyang'ane choncho, ine galimoto ndimangoidziwa pokwerera. Nditi ndiwononge chinthu chimene ndachidikira chikwatiwireni? Mapazi angawa atopa."

"Sindinanene kanthu, mwana wanga. Geti unatsegula ndiwe?"

"Ndine. Hafu sikisi. Anafika chimanjamanja, tochi yokha m'thumba. Anagona kunsiko, ine ndikusesa pompo. Chigubu kapena botolo, ayi, sindinaone. Ndikanaona ndikananena, si m'bale wanga."

"Makiyi amagona kuti?"

"Pa msomali kuseri kwa chitseko cha pabalaza. Koma lero..." Anaima, n'kuyamba kupukuta mbale youma kale.

"Koma lero?"

"Ndawapeza apa, pa sinki, ali onyowa, akununkhira sopo. Ndinadabwa kuti makiyi amasambanso? Ndinangowabwezera pa msomali. Ndiye fanulo yanga yothirira mafuta ophikira, tainunkhizani. Yatsukidwa, koma dizilo sabisala."

A Mabuleki ananunkhiza fanuloyo. Dizilo, sopo, ndi kafungo ka maluwa kaja.

"Amene anadzuka iwe usanadzuke ndani?"

Mkaziyo anatsitsa mawu. "Bambo, ine pano ndine wobwera. Ndikatsegula pakamwa ati mpongozi wayamba. Amuna anga amadzuka ndi belu. M'nyumba muno amadzuka kusanache ndi munthu mmodzi, kukapemphera." Anayang'ana kukhomo la chipinda cha apongozi ake. "Ndipo Lachisanu lililonse amati akukaona odwala kuchipatala, koma basi imene amatsika pobwera si ya kuchipatala."

Wotchi ya pakhoma inagunda leveni.

* * *

Mayi a nyumbayo anali pabalaza, pansi pa chithunzi cha malemu amuna awo. Anali wapampando wa amayi a mpingo, munthu woti akayambitsa nyimbo pa maliro ngakhale ouma mtima amalira. Masiku onse ankalandira a Mabuleki ndi manja awiri. Lero manjawo anali atawapinda m'kati mwa shawelo.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, alamu. Phokoso lomweli."

"Simunatuluke kukaona galimoto ya mnzanga?"

"Za zitsulo ine ndizidziwira kuti."

A Mabuleki anakhala pa mpando, chipewa pa bondo. Mtima unkawawawa, chifukwa mayiwa anawadziwa ali mtsikana, ndipo pa ukwati wawo anayendetsa basi ya akwati ndi iwo.

"Tipemphere, alamu. Ndipatseni dzanja."

Mayiwo anazengereza, koma pemphero silikanidwa. Dzanja linatuluka m'shawelo. Linali lofiira ndi kukhula, ndipo m'zikhadabo munali fungo limene dalaivala sangalisokoneze ndi lina lililonse.

A Mabuleki anapemphera mwachidule, kupempha Iye amene amaona zam'tseri kuti awachitire chifundo onse a m'nyumbamo. Atati ameni sanalisiye dzanjalo.

"Botolo lili kuti, alamu?"

Kenako mapewa a mayiwo anayamba kugwedezeka.

"Galimoto imeneyo inandidyera mwamuna," anatero monong'ona. "Tsiku limene mwana ananena zoikonza, tulo tinandithawa. Ndikatseka maso ndimamuona iyeyo m'ngalande muja, tayi ili pakhosi. Ndinapemphera, ndinasala, mantha osachoka. Ndiye mayi wina anandiuza za mneneri wa mu tenti, kuseri kwa msika."

"Alamu!"

"Ndikudziwa. Mneneriyo anandiuza kuti imfa inatsalira m'mimba mwa galimotoyo. Anandipatsa madzi, botolo lalikulu, akuti ndidinde zitseko zonse, otsalawo ndiimwetse pamene imamwera, kuti akafike mumtima mwake. Ine ndinadziwa bwanji kuti pomwera pake sipafuna madzi? Bambo ake ankathiramo madzi kutsogolo kuja, ndinkawaona."

"Kutsogolo n'kwina, kumbuyo n'kwina."

"Ndazindikira itazima. Ndinamva ndili muno, mtima unangoti phwii."

"Ndiye mwakhala chete maola awiri, mwana wa mnzanu akutchedwa wakuba pabwalo panu?"

Mayiwo anagwada pansi n'kugwira miyendo ya a Mabuleki. "Musandiulule, alamu. Ndine ndinaimirira pa msonkhano wa amayi kudzudzula opita ku matenti. Awiri tinawaimitsa pa mgonero, ine ndikutsogolera. Akamva, nkhope ndiiika kuti? Mwana wanga adzandiona bwanji? Nenani kuti ndi mvula, nenani kuti ndi a pothira mafuta..."

"Mvula sinagwe, ndipo bodza sindinena. Dzukani." Anawadzutsa ndi manja awiri. "Mantha anu ndawamva, ndipo sindikuwaseka. Nanenso mnzangayo ndimamulota. Koma taonani, munkaopa kuti galimoto idya mwana wanu, ndipo lero ikudya mwana wa wina, inu mukuonerera pa zenera. Uja akalowanso m'ndende satulukamo msanga. Mkazi wake ali ndi pakati."

"Ndiye mukanena?"

"Nkhaniyi ndi yanu, ikoma ituluke pakamwa panu. Ine ndikadikira panja. Koma unyolo ukangokhudza dzanja lake, pakamwa panga sipadzatsekeka. Ndinalonjeza pamaso pa mpingo."

Anavala chipewa. Asanafike pakhomo, kunja kunamveka galimoto ikuima pa geti. Apolisi anali atafulumira.

* * *

Anabwera sajeni mmodzi wamimba, akupukuta thukuta ndi kapepala. Anangoona Sipanala n'kumwetulira.

"Aa, kasitomala wathu wakale. Bedi lako lija sitinapatse munthu."

A Tayi anafotokoza zonse mothamanga, akugwedeza botolo la madzi lija m'mwamba. Sajeniyo sanafune zambiri.

"Zina tikakambira ku ofesi. Imirira."

"Bwana sajeni," anatero a Mabuleki, "ndipatseni mphindi ziwiri."

"Madala, ine ndili ndi milandu inayi lero."

Sipanala anaimirira yekha. Anatulutsa tochi m'thumba n'kuipereka kwa a Mabuleki. "Mukawapatse akunyumba, akulu. Mukawauze kuti sindinabe. Inu mukudziwa."

A Mabuleki anayang'ana kukhomo la nyumba. Chitseko chinali chotseka. Katani ya pa zenera inagwedezeka pang'ono n'kuima. Unyolo unalira m'manja mwa sajeni. A Mabuleki anakoka mpweya, n'kutsegula pakamwa.

"Musiyeni mwanayo."

Mayi aja anali pakhonde, opanda shawelo, atanyamula botolo lalikulu lapulasitiki lopanda kanthu. Anatsika masitepe mmodzimmodzi n'kudzaima pakati pa sajeni ndi makaniko.

"Madzi ndathira ndine, lero kusanache. Makiyi ndinatenga pa msomali. Ngati pali womanga, mangani ine."

"Amayi, mukuti chiyani?" anatero a Tayi. "Musamuikire kumbuyo munthuyu."

"Nunkhiza," anatero mayi ake, akumupatsa botolo. "Ukanunkhizenso pa thanki. Ndinakatenga kwa mneneri wa mu tenti, kuti galimotoyi isakuphe ngati mmene inaphera bambo ako."

Mawuwo anawanena mokweza, moti amayi awiri a mumpingo amene anaima pa geti kuonerera anawamva bwinobwino, n'kuyang'anana. Mayiwo anawaona, koma sanatsitse mutu.

A Tayi anamasula tayi yawo, chinthu chimene msewu wonse unali usanaonepo. Anayang'ana botolo, n'kuyang'ana timitanda ta pa zitseko, misozi n'kulengeza.

"Bwanji osandiuza kuti mukuopa, amayi?"

"Bwanji iwe osandifunsa?"

Sajeni anabweza unyolo m'lamba. "Ndiye mwandiitanira mlandu wa madalitso? Mayi, ulendo wina mudzadalitse yathu ija, mwina boma lingatigulire yatsopano." Anapita akupukusa mutu.

Mayiwo anatembenukira kwa Sipanala n'kuyamba kugwada, koma iye anawagwira msanga m'mikono.

"Ayi, amayi, musatero."

"Ndakhala chete iwe ukutukwanidwa. Ndakulakwira pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu."

"Ine ndinakhululukidwa zazikulu kuposa zimenezi," anatero Sipanala. Anapukuta maso ndi mkono wa ovolosi n'kutembenukira kwa a Tayi. "Bwana, ndipezereni beseni ndi dizilo watsopano. Madzi akagonamo m'pampu achita dzimbiri."

A Tayi anangovula jekete n'kupita kukatenga beseni okha.

Ntchitoyo inatenga masana onse. Anakhutula thanki, anasintha fyuluta, anatsuka mapaipi. Sipanala anapopa kapampu ka pamanja mpaka thovu lonse litatha ndipo dizilo woyera akutuluka pa injekita iliyonse. Anamanga manati, n'kutulutsa kabotolo ka penti wachikasu, n'kudinda iliyonse. A Tayi anaima pambali atagwira tochi, osanenanso kanthu za maloko.

Dzuwa litapendeka, Sipanala anaitana mayi aja, amene anakhala pakhonde nthawi yonseyo.

"Amayi, bwerani. Ngati mukufuna kuipempherera, ikani dzanja apa pa boneti. Pamenepa sipawononga kanthu."

Mayiwo anaika dzanja lawo lofiira lija pa chitsulo. A Mabuleki anavula chipewa. Pempherolo linali lalifupi, lopanda botolo, longopereka mwana m'manja mwa Mwini wake.

A Tayi anapotokola kiyi. Kre-kre-kre. Injini inatsokomola kawiri, inalavula utsi woyera, n'kugwira. Boneti inayamba kunjenjemera pansi pa chikhatho cha mayiwo, monga inkachitira m'mawa uliwonse amuna awo ali moyo. Sanachotse dzanja.